ADaka Sankafufuta Bolodi

Uthenga wa maliro a aDaka unandipeza pamsika wa Nyimba, ndikusankha nthochi. Anandiuza ndi kondakitala wa minibasi ya ku Petauke, atatulutsa mutu pawindo: "Amai Zulu, aja aticha a ku Sandwe atisiya mailo." Kwathu kuno mailo ndi dzulo, komanso ndi mawa. Ndinayamba ndapsa mtima, chisoni chinachita kubwera pambuyo. Bambo ameneyu ndinakangana naye kuyambira ndili mtsikana wongotuluka kumene kukoleji, ndipo wapita mkanganowo tisanaumalize.

Tinkaphunzitsa pasukulu imodzi ya pulayimale kufupi ndi msewu waukulu, m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene kulowa mumsika kunkafuna khadi la chipani, ndipo munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanaseke. Iwo anali ndi Giredi 7, ine Giredi 5. Khoma lolekanitsa makalasi athu silinkafika kudenga, choncho zonse za kwawo ndinkazimva. Koma nthawi ya masamu chimene ndinkamva kwambiri kumeneko chinali zii. Kwanga ana ankaimba matebulo a kuchulukitsa mpaka malata kunjenjemera, kamtengo kanga kali pathebulo. Kwawo kunkamveka mpando kukhukhuluzika, mwana kutsokomola, kenako mawu awo okhuthala aja akufunsa funso limodzimodzi: "Wafika bwanji pamenepa?" Ana anawapatsa dzina lomwelo. Akawaona akubwera panjinga ankanong'onezana kuti aWafikabwanji afika.

Ine ndinkakhulupirira, ndipo mbali ina ndimakhulupirirabe, kuti masamu amalowa ndi kubwereza, komanso kuti ana ena amabadwa nawo mutu wake pomwe ena ayi. ADaka zimenezi ankazitcha ulesi wa aphunzitsi. Ankati mwana salakwitsa mwachisawawa. Yankho lililonse lolakwa lili ndi njira imene ladzera, ndipo mphunzitsi akalifufuta msanga n'kulemba lolondola, wangoyeretsa bolodi koma njira ija yatsala m'mutu mwa mwana, idzatulukanso pamayeso. Ankatinso kukwapula mwana chifukwa cha samu ndiko kumuphunzitsa kubisa zimene akuganiza. Ndikawayankha kuti ana anga onse amadziwa tebulo la seveni, ankandifunsa ngati alipo mmodzi wodziwa kuti amalifuniranji.

Kudzanja lamanja la bolodi yawo anajambula mzere woyera ndi laimu, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kangodya kameneko kanali ka mayankho olakwa. Mwana ankalembapo yekha, ndipo yankholo linkakhala pamenepo mpaka mwiniwakeyo atapeza pomwe anasokonekera. Lina linkagona tsiku, lina linkatha sabata. Ana osesa ankadziwa kuti pamenepo sipakhudzidwa. Dasitala ankayenda nayo m'thumba la jekete, moti thumba limenelo linali loyera mpaka kutchalitchi. Kuseri kwa chitseko ankapachika mtolo wa mapesi odulidwa mofanana, ndipo phunziro likafika pothina ankasiya Chingerezi, chimene lamulo linkafuna, n'kuyamba Chinyanja, mapesi akuthyoka.

Musaganize kuti anali munthu wokoma. Sankayamika mwana, sankaseka ndi mwana. Ankatha kumuimika pabolodi osanena kanthu mpaka mwanayo misozi lengelenge, iwo atapinda manja akudikira. Ana ambiri ankanena poyera kuti kuli bwino kamtengo ka amai Zulu, kamapweteka n'kutha. Buku sankalimaliza. Makolo ankadandaula kuti ana akungothyola mapesi ngati kulibe mayeso, ndipo zotsatira za kalasi yawo, kunena zoona, sizinkaposa za masukulu ena. Pamisonkhano ya chipani ankabwera, chifukwa kusabwera kunali kudziputira, koma ankaomba m'manja mochedwa, anzawo atayamba kale kuleka.

Panali chifukwa chimodzi chimene munthu wotere ankayenera kuchenjerera. Akazi awo, amake Yotamu, anali ndi mphumu. Nyengo yozizira ikafika, kapena mvula ikamayamba, chifuwa chinkawatseka mpaka milomo kuda. ADaka ankawakweza pakaliyala ya njinga n'kuthamangira nawo kuchipatala cha pa Nyimba, kumene jakisoni ankawabwezera mpweya. Anachita kupempha kuti awaike pasukulu yathu chifukwa cha mtunda waufupiwo. Tonse tinkadziwa kuti mayi uja akukhala ndi moyo chifukwa cha msewu umenewo.

Ahedi athu anali aMwanza. Sanali oipa mtima, anali amantha, ndipo analinso wapampando wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Tsiku lina anatiitana muofesi thukuta lili kamukamu. Bwanamkubwa wa boma, amene tinkawatcha aGavanala, ankabwera kudzatsegula khola la nkhuku la sukulu, ndipo anapempha kuonerako phunziro limodzi la masamu mu Giredi 7. AMwanza anali atakonza kale nzeru yake. Funso likafunsidwa, ana onse akweze manja. Wodziwa akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere, mphunzitsi azisankha a lamanja okhaokha. Anati masukulu ena ankatero ndipo palibe amene anafa nazo.

"Ndiye aGavanala abwela kuzaona masamu kapena manja?" anafunsa aDaka.

"Abwela kuzaona sukulu yabwino, bambo Daka. Mwanimva?"

"Namva."

Mawu oti "namva" amenewo sanandikhazike mtima pansi. Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinapita kunyumba kwawo. Ndinawapeza pakhonde akukonza tcheni cha njinga, akazi awo ali pamphasa akusenda nsawawa, mpweya ukulira m'chifuwa ngati kamluzu. Ndinawauza mosapsatira kuti chipani sichiseka, kuti anthu ochenjera kuposa iwo anatumizidwa kumasukulu akutchire chifukwa cha zazing'ono kuposa pamenepa. Iwo anangoti kuphunzitsa mwana kukweza dzanja labodza n'koipa kuposa kumukwapula, chifukwa ukumuuza kuti kusadziwa ndi chinthu chobisa kwa akuluakulu. Ndinawatcha ouma mutu. Ananditcha woimbitsa kwaya. Kenako amake Yotamu analankhula, osakweza mutu.

"Atate ake Yotamu, ni tsiku limodzi chabe."

ADaka anapitiriza kukonza tcheni chawo. Koma m'masiku otsatira analola aMwanza kulowa m'kalasi mwawo kukakonzekeretsa anawo, iwo ataima panja pansi pa mtengo wa mango, atayang'ana kumbali. Tonse tinapuma, tinati agonja.

Tsikulo linafika. Amayi a chipani anali atavala zitenje zofanana, akuimba kuyambira m'mawa, ana atandanda m'mbali mwa msewu mpaka ena kukomoka ndi dzuwa. AGavanala anali wamfupi, wonenepa, wovala safari suti yotuwa, ndipo anabwera ndi woyendera masukulu komanso anyamata a chipani amene anatsala pakhomo. Atatha za nkhuku analowa mu Giredi 7 n'kukhala pampando wa aDaka. Ife aphunzitsi tinaima kumbuyo, titatsamira khoma.

ADaka analemba samu imene anawo anaikonzekera: theka kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo atatu. Atatembenuka, manja onse anali m'mwamba. AGavanala anagwedeza mutu mokondwa. Kutsogolo kunali Lazalo, mnyamata wanzeru kwambiri m'kalasimo, dzanja lamanja litaongoka mpaka kunyamuka pabenchi. ADaka anamuyang'ana. Anayang'ana manja enawo, mzere ndi mzere. Ndinaona dzanja lawo likulowa m'thumba la dasitala n'kutulukamo lopanda kanthu. Zii ameneyo ndinkamudziwa bwino.

"Esinati."

Esinati anali mtsikana wa ku Luembe amene ankakhala kwa azakhali ake, wamkulu kuposa anzake, wokhala benchi yomaliza. Anaimirira dzanja likadali m'mwamba, maso ali tong'o, n'kunena mokweza, ngati akuwathandiza aphunzitsi ake amene aiwala:

"Aticha, ine nakweza lamanzele."

Mwana wina anaseka n'kudzitseka pakamwa. AGavanala nawo anaseka, kenako anasiya, n'kufunsa kuti dzanja lamanzere lili ndi chiyani. Anayang'ana aMwanza, aMwanza anayang'ana nsapato zawo. Ndinapemphera kuti aDaka apeke kanthu kalikonse, anene kuti mwanayo ndi wamanzere. Koma anafotokoza zonse bwinobwino, osatchula dzina la munthu, kuti anawo anauzidwa kuti wodziwa akweze ili, wosadziwa akweze ilo.

"Manje imwe mwasankhilanji wosadziwa?" anafunsa aGavanala.

"Wodziwa sanifuna ine, bwana."

ADaka anamupatsa Esinati choko n'kumulozera kangodya kaja. Choko chinathyoka m'manja mwake. Anatola chidutswa n'kulemba kuti yankho ndi magawo awiri mwa magawo asanu. Woyendera masukulu anatseka maso.

"Wafika bwanji pamenepa?"

Esinati ananong'ona kuti anaphatikiza manambala apamwamba, kenako apansi. ADaka sananene kuti walakwa. Anapita kuseri kwa chitseko, anatenga mapesi awiri ofanana. Anamuuza athyole loyamba pakati, aike theka pathebulo. Lachiwiri alithyole magawo asanu ofanana, atengepo awiri, awagundanitse pambali pa theka lija. Thebulo lake linali lomwelo limene aGavanala anatsamira, moti zinyenyeswa za phesi zinagwera pathalauza lawo. Mtsikanayo atamaliza anayang'anitsitsa mapesiwo, nyimbo za amayi aja zikumveka panja.

"Yachepa," anatero.

"Unali na theka, waonjezelapo, manje yachepa?"

"Siingachepe."

"Ndiye?"

"Nalakwa, aticha, koma sinidziwa polakwa."

"Chabwino. Khala pansi. Tizayambila pamenepo mailo."

AGavanala anayang'ana wotchi n'kuimirira. Anati mwana wa dziko laufulu sangapite kunyumba atasiya bodza pabolodi, ndipo analamula kuti yankholo lifufutidwe, palembedwe lolondola. ADaka anayankha mwaulemu kuti mwanayo adzafufuta yekha akapeza. AGavanala anatambasula dzanja.

"Nipatseni dasitala."

ADaka anaika dzanja pathumba lija n'kulisiya pomwepo. Sindidziwa kuti anaima choncho nthawi yaitali bwanji, wina atatambasula dzanja, wina atagwira thumba. Mnyamata mmodzi wa chipani anasuzumira pakhomo. Ine m'maganizo mwanga munali mayi uja ali pamphasa, chifuwa chikulira. Amene anathetsa nkhaniyi anali aMwanza. Anathamangira kubolodi n'kufufuta manambalawo ndi chikhato chawo, kenako ndi mkono wa jekete. AGavanala anatuluka osatsanzika. Galimoto itangonyamuka, fumbi lisanatsike n'komwe, ndinamva kudzera pamwamba pa khoma aDaka akumuitana Esinati kuti adzalembenso yankho lake pomwe linali.

Lamulo loti asamuke linabwera teremu isanathe. Anawatumiza kusukulu ina ya ku Sandwe, kumunsi cha ku Luangwa, kumene msewu umafa mvula ikagwa. Anapita ku boma kukachonderera chifukwa cha akazi awo, chinthu chimene sindinaganizepo kuti angachite, koma anauzidwa kuti kumenekonso kuli ana ofuna masamu. M'sabata yomaliza Esinati anapeza. Anathyola phesi magawo asanu ndi limodzi, anaona kuti theka ndi atatu, gawo limodzi mwa atatu ndi awiri, onse pamodzi asanu. ADaka anatulutsa dasitala m'thumba, anamupatsa, n'kunena liwu limodzi: "Fufuta." Kuyamika kwawo kunathera pomwepo. Lole inabwera Loweruka, ndipo amake Yotamu anakhala kutsogolo, atafunda nsalu kumphuno chifukwa cha fumbi.

Dzinja loyamba anapulumuka. Lachiwiri chifuwa chinawatseka mitsinje itadzaza. Njinga sinathe kuwoloka. Anthu a m'mudzi anawanyamula pamachira, aDaka akugwira nawo kutsogolo, ndipo mayi uja anamwalira panjira, kutali ndi jakisoni aliyense. Anawaika komweko ku Sandwe.

Ndinakumana nawo patapita miyezi, pa Petauke, pamsonkhano wa aphunzitsi. Anali ataonda, jekete lija likulendewera, thumba lili loyerabe. Anthu ankawapepesa n'kudutsa. Ine sindinathe. Ndinawakokera kuseri kwa holo n'kuwafunsa funso limene linkandidya. Ndinati samu imodzi, ya mwana mmodzi amene sanasankhidwe n'komwe kupita kusekondale, inali yoyenera mtengo umenewo? Ndinati Lazalo anali pomwepo, dzanja lili m'mwamba, akanangomutchula dzina. Ndinalankhula mwaukali, chifukwa amake Yotamu anali mnzanga, anandiphunzitsa kuluka, ndipo ndinkafuna munthu woti ndimukalipire. Ndinkayembekeza kuti andiyankha monga mwa masiku onse, ndi mfundo zawo zija za njira ya yankho lolakwa. Anayang'ana pansi, kenako anati:

"Amai Zulu, nalakwa. Koma sinidziwa polakwa."

Anapitiriza pang'onopang'ono kuti amabwerera m'kalasi muja tsiku lililonse, amaona manja aja, amayesa kutchula Lazalo, koma pakamwa sipalola. Akayesa kuganiza kuti anachita bwino, amakumbukira kulemera kwa machira paphewa. Anati sanapeze, choncho sanafufute. Belu la msonkhano linalira, tinalowa, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso, ngakhale tinakanganabe za matebulo nthawi iliyonse tikakumana.

Zinthu zitasintha m'dziko, chipani chija chitachoka, anawauza kuti akhoza kubwerera kumsewu. Anakana. Anaphunzitsa ku Sandwe mpaka kupuma ntchito, anamanga kanyumba kufupi ndi manda a akazi awo, ndipo ndamva kuti ana a m'mudzimo ankapitabe pakhonde pawo ndi mabuku, n'kubwerako akudandaula kuti agogo aja sanena yankho.

Kumaliro ndinapita, msewu wake ukadali womwe uja wothyola msana. Yotamu, amene tsopano ndi wa imvi, anawaika pambali pa amayi ake. Pakati pa amayi ophika ndinazindikira Esinati, atabwera kuchokera ku Luembe pa njinga ya mdzukulu wake. Ndinamufunsa ngati amakumbukira tsiku lija. Anati angaiwale bwanji manyazi otero, pamaso pa aGavanala, ndipo anadana nawo aDaka mpaka tsiku limene anamupatsa dasitala. Kenako anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti zaka zonsezi ankaganiza kuti ndiye anawathamangitsa ndi pakamwa pake. Ndinamuuza kuti ayi, bambo uja anamuona bwinobwino dzanja limene anakweza. Anagwedeza mutu, anabwerera kumoto.

Pobwerera ndinatsika pasukulu yathu yakale. Anamangapo makalasi atsopano a mawindo agalasi, koma buloko yathu ikadalipo. Kalasi yanga asungiramo mabenchi othyoka. Ya aDaka akuigwiritsabe ntchito, ndipo ndinaipeza yopanda anthu, ana ali kubuleki. Bolodi anaipaka utoto wakuda kangapo, koma mzere wa laimu uja umaonekabe pansi pa utotowo, utatukuka pang'ono, ukaupapasa ndi chala umaumva. Kudzanja lamanja la mzerewo kunali koyera, kofufutidwa bwino, palibe nambala ngakhale imodzi. Dasitala inali pathebulo, pomwe aliyense angaitole. Kuseri kwa chitseko msomali wa mapesi ukadalipo, papachikidwa tsache.

Belu litalira ndinalowa m'kalasi mwanga mwakale n'kukhala pabenchi yothyoka, pansi pa khoma lija losafika kudenga. Ana analowa mbali inayo. Mphunzitsi wachinyamata anafunsa samu, mwana anayankha molakwa, mphunzitsiyo anati "Wina!", wina anayankha molondola, onse anaomba m'manja, n'kupita pasamu yotsatira. Zinkayenda msanga, mwadongosolo, monga momwe ine ndinkafunira zaka zonse zija. Ndinakhala pamenepo mpaka phunziro kutha, ndikudikira zii uja woti ndimukwiyire, koma sanabwere.